Alibe kachilombo, koma chitetezo chinatsika: zomwe tadutsamo ndi khansa ya m'magazi

Amuna anga ali ndi khansa ya m'magazi yomwe madokotala amaitchula kuti CLL, ndipo chomwe chakhala chikutigoneka m'chipatala zaka zonsezi si zotupa zawo za m'khosi ayi. Ndi chibayo, mashingozi ndi zifuwa zosatherapo. Ndaganiza zolemba izi chifukwa kuno ku Zomba munthu wamkulu akayamba kudwaladwala, tonse maganizo amathamangira kumodzi, ku kachilombo ka HIV. Akayezetsa n'kupezeka kuti alibe, mitima imakhala pansi, n'kumati basi chitetezo chili bwino. Koma alipo matenda ena amene amagwetsa chitetezo cha m'thupi mwanjira yawoyawo, ndipo ukapanda kuidziwa njirayo ukhoza kutaya m'bale wako ndi chifuwa chomwe chikanachizika.

Zinayamba mu 2018, ali ndi zaka 61, atangopuma kumene pa ntchito ya uphunzitsi. Munthu amene moyo wathu wonse wa m'banja ankangodwala malungo mwa apo ndi apo anayamba kukhosomola nyengo yozizira yonse. Akamwa amoxicillin chifuwa chinkaleka, pakangopita milungu ingapo icho chabweranso, makhololo achikasu, mphuno zotsekeka, mutu kuwawa chapamphumi apa. Chaka chisanathe kunabwera mashingozi, matuza otentha koopsa amene anandandana kuchokera kumsana kuzungulira m'nthiti, mbali imodzi yokha. Ngakhale malaya ankalephera kuvala.

Mashingoziwo ndiwo anatsegula anthu pakamwa. Ku Chinamwali kuno nyumba n'zoyandikana, ndipo nkhani ya pa mpopi sichedwa kufika kwa mwini wake. Mlamu wanga, mlongo wawo wa abambowa, anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kunena motsitsa mawu: "Alamu, musabise. Masiku ano mankhwala alipo, anthu akukhala ndi moyo." Ankanena mwachikondi ndipo sindinawakwiyire, poti n'zoona kuti mashingozi amakonda anthu amene chitetezo chawo chatsika. Tinapita tonse awiri kukayezetsa. Tinalibe. Patapita miyezi itatu tinabwereza monga amalangizira, tinapezekabe tilibe. Makhololo anayezedwa kufufuza TB, osapezeka kanthu.

Nthawi yonseyi m'khosi mwawo, mbali zonse ziwiri, munali tizotupa ta mwanabere, tinanso m'khwapa ndi m'mphechepeche. Sitinkawawa, ndiye palibe amene ankatilabadira. Pa chipatala china chaching'ono chomwe tinkapitako, ulendo uliwonse unkatha chimodzimodzi: kuyeza malungo, mapilisi a chifuwa, kubwerera kunyumba. Sindikuwaimba mlandu, mzere umakhala wautali ndipo aliyense pamzerepo amabwera ndi chifuwa. Amene anatithandiza ndi dokotala wina wachinyamata amene anatsegula buku la kuchipatala la abambowa n'kuyamba kuwerenga masamba a m'mbuyo, osati la tsiku limenelo lokha. Anawagwiragwira m'khosi ndi m'khwapa, anadina pamimba kumanzere pansi pa nthiti n'kunena kuti kapamba watupa, kenako analemba kuti ayezedwe magazi onse, kuyeza kuja amati full blood count. Maselo oyera, amene mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 4 ndi 11 pa pepala la zotsatira, anali pa 68. Kumayambiriro kwa 2019 tinatumizidwa ku Blantyre, ku chipatala cha Gulupu, ndipo kumeneko n'komwe tinamva koyamba dzina lonse la matendawa, chronic lymphocytic leukaemia.

Funso langa loyamba linali lomwe angafunse aliyense amene anamvapo za asilikali a m'thupi. Ngati maselo oyera ndiwo amatiteteza, ndipo abambowa ali nawo ochuluka kuposa tonsefe, nanga bwanji ndiwo akudwaladwala? Adokotala anakoka mpando n'kukhala pansi. "Mayi, maselo oyera sali a mtundu umodzi. HIV imawononga mtundu uja mumaumva kuti CD4. Mwa abambowa, amene adwala ndi a mtundu wina, otchedwa B. Ntchito yawo ndi yopanga ma antibody."

Ndifotokoze monga ndinamvera ine, chifukwa apa m'pamene pagona nkhani yonse. Ma antibody ndi timapuloteni toyenda m'magazi ndi m'madzi a m'thupi. Kachilombo kakalowa, iwo amakazindikira n'kukamatirira, ndipo maselo ena amabwera kudzakadya. Mwana akabayidwa katemera, kapena akadwala chikuku n'kuchira, thupi lake limaphunzira kupanga ma antibody a matendawo, n'chifukwa chake sadwalanso. Tsono alipo mabakiteriya ena, makamaka oyambitsa chibayo otchedwa pneumococcus, amene ali ndi kachikopa koterera kunja kwawo, moti maselo oyera amalephera kuwagwira ngati ma antibody sanayambe awamatirira. Ndiye munthu amene ma antibody ake achepa, matenda ake amakhala omwewomwewo: chibayo, chifuwa cha makhololo, mafinya m'mphuno ndi m'makutu, nthawi zina mabakiteriya kulowa m'magazi. Mu CLL maselo a B odwalawo amachulukana, safa pa nthawi yake, amadzaza m'magazi, m'mafuta a m'mafupa, m'kapamba ndi m'zotupa zija, koma sapanga ma antibody othandiza, ndiponso amatchinga maselo abwino otsalawo kuti asagwire ntchito. Zili ngati nkhokwe yodzaza mpaka pakamwa koma chimanga chake anankafumbwe anadya kale. Woyang'ana kunja amati chakudya chilipo.

Chomwe chinatipweteka tsiku limenelo n'choti anatibweza opanda mankhwala a khansa. Mwana wathu wamwamuna, amene anatiperekeza, anaimirira n'kufunsa: "Adokotala, tachoka ku Zomba kudzamva kuti ndi khansa, ndiye mukuti tibwerere chimanjamanja?" Yankho linali loti CLL imayenda pang'onopang'ono, anthu ena amakhala nayo zaka zambiri osafuna mankhwala, ndipo kuyamba mankhwala munthu asanafike powafuna sikutalikitsa moyo, koma kumagwetsa chitetezo kuposa pomwe chinali. Amayamba mankhwala magazi akayamba kuchepa, zotupa kapena kapamba zikakula kwambiri, munthu akamaonda kapena kutuluka thukuta lonyowetsa zofunda usiku. Padakali pano, anatero, choti tiope ndi matenda obwera ndi tizilombo, chifukwa ndiwo amatenga anthu ambiri odwala CLL. Achibale ena mpaka lero amakhulupirira kuti anatinyalanyaza poti ndife osauka. Ine ndinadzamva kuti ngakhale ku mayiko olemera amachita chimodzimodzi.

Full blood count ija sionetsa kuchuluka kwa ma antibody. Pamafunika kuyeza kwina, komwe kumatulutsa manambala a mitundu itatu ya ma antibody, IgG, IgA ndi IgM. Ife tinakayezetsa ku labu yolipira ku Blantyre, ana atasonkherana ndalama. Yomwe madokotala amayang'anitsitsa ndi IgG, poti ndiyo yochuluka m'magazi, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a ma antibody onse. Mwa munthu wamkulu wathanzi imakhala pakati pa magalamu 7 ndi 16 pa lita imodzi, ngakhale malabu amasiyanako pang'ono pa malire amenewa. Ya abambowa mu 2019 inali 5.2. Pofika 2022 inali 3.6. Kutsika kumeneku kumayenda ndi zaka za matendawa. Munthu akamakhala ndi CLL nthawi yaitali m'pamenenso IgG imakonda kugwa, ngakhale asanamwepo mankhwala aliwonse a khansa. Ikafika pansi pa 4, madokotala amayamba kumuyang'ana munthuyo ndi diso lina.

Koma nambala yokha isakuopsezeni, isakunyengeninso. Alipo anthu amene IgG yawo ndi yotsika koma amatha chaka osagona m'chipatala, ndipo alipo ena amene nambala yawo sinatsike kwenikweni koma chibayo sichiwasiya, chifukwa ma antibody akhoza kukhalapo ndithu koma osakhala aja olimbana ndi kachilombo kamene kabwera. Mbali zina za chitetezo nazonso zimafooka mu CLL, ndipo mashingozi aja amadza makamaka chifukwa cha kufooka kwa maselo ena, osati kuchepa kwa ma antibody. N'chifukwa chake adokotala akaona nambala amafunsanso kuti wadwala kangati chaka chino, anagonekedwa kapena ayi, anafuna jakisoni kapena mapilisi anakwanira. Maganizo anga ndi akuti ngati ndalama n'zochepa, ndipo muyenera kusankha pakati pa kuyezetsa IgG mobwerezabwereza ndi kusunga ya galimoto yothamangira kuchipatala usiku, sungani ya galimoto. Kuyeza kamodzi kwakwanira kukuuzani pomwe mwaima.

Pa benchi yodikirira ku Gulupu tinkakumana ndi anthu a khansa zina za m'magazi zokhalitsa, ndipo si zonse zimayenda mofanana. A CML amamwa mapilisi a imatinib tsiku ndi tsiku, ndipo kwa ambiri a iwo vuto la ma antibody silikhala lalikulu. A myeloma ndiwo anzathu pa vutoli. Kwa iwo pepala likhoza kuonetsa puloteni yochuluka zedi m'magazi, koma ndi ya mtundu umodzi wopanda ntchito wopangidwa ndi khansayo, pomwe ma antibody enieni atsika. Funsani dzina lenileni la matenda anu ndipo akulembereni m'buku. Kungoti "khansa ya m'magazi" sikukwanira.

Zonse zomwe anatiuzazi ndinadzazionera pamaso mu June 2022. Chiperoni chinali chitaphimba phiri kwa masiku, kunja kukuwaza. Abambowa anaswera bwinobwino, anadya nsima yamadzulo, anangoti m'thupi mukuphwanya pang'ono. Cha m'ma 10 koloko usiku ndinadzidzimuka bedi likugwedezeka. Ankanjenjemera mano akugundana, atafunda mabulangete awiri, koma chipumi chikuotcha. Themomita yomwe timasunga m'kabati inaonetsa 39.1. Ndinayang'ana chifuwa chawo monga anandiphunzitsira anesi, kupuma kunali kothamanga, ndipo akakoka mpweya ankagwira m'nthiti chakumanja.

"Mayi, ndipatseni panado, tiona mawa."

"Bambo, za mawa ayi. Valani juzi."

Ndinakagogoda kwa aneba athu amene ali ndi galimoto. Tinali titapangana kale kuti tsiku lotere likadzafika tidzangowathirira mafuta, ndiye panalibe zokambirana pakhomo.

Pa chipatala chachikulu cha Zomba anayamba ndi kuyeza malungo, monga ziyenera kukhalira, ndipo sanapezeke. Apa m'pamene ife achibale timakonda kunena kuti basi si malungo, tiyeni tikagone. Ine ndinatsegula buku pa tsamba lomwe adokotala a ku Blantyre analemba, n'kunena mawu omwe ndinali nditawaloweza: "Ali ndi CLL, ma antibody awo ndi otsika, anadwalapo chibayo." Amene anali pa ntchito usikuwo anawerenga, anawamvetsera m'chifuwa, anawapana chala ndi kachipangizo koyezera mpweya, ndipo sipanapite nthawi anali atawaika pa okosijeni n'kuyamba kuwabaya maantibayotiki a m'mitsempha. X-ray ya m'mawa mwake inaonetsa chibayo cha mbali yakumanja. Masana a tsikulo anayamba kubwebweta, kuitana mayi awo amene anamwalira kalekale, kufunsa ngati ana a sukulu alowa m'kalasi. Ndinayala chitenje pansi pambali pa bedi, ndikuwanyowetsa milomo ndi supuni, ndikupemphera. Atayamba kudya phala n'kudandaula kuti lilibe shuga ndi pomwe ndinadziwa kuti tibwerera nawo kunyumba. Adokotala a pa wodi anandiuza mosabisa kuti tikanadikira kuti kuche, nkhani ikanakhala ina.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu muli lamulo, ndipo ana ndi adzukulu akuluakulu onse amalidziwa. Thupi likatentha kufika 38, kapena akayamba kunjenjemera, kupuma movutika kapena kusokonezeka mutu, timanyamuka nthawi yomweyo, kaya ndi usiku kaya ndi Lamulungu. Kwa munthu amene alibe ma antibody okwanira, chibayo chikhoza kulowa m'magazi m'maola ochepa. Panado amatsitsa kutentha n'kubisa chizindikiro, ndiye yezani kaye musanamwetse. Mankhwala a prednisolone nawonso amabisa, moti munthu amene akumwa amenewa akhoza kudwala kwambiri thupi osatentha, ndiye pamenepo yang'anani kufooka ndi kapumidwe. Themomita gulani ndithu, dzanja limanama, makamaka nyengo yozizira. Mashingozi nawonso ali ndi nthawi yake: mankhwala ake, a acyclovir, amagwira bwino akayambidwa masiku atatu asanathe chitulukireni matuza, ndipo matuza akatuluka pafupi ndi diso, n'zopita tsiku lomwelo.

Atachira chibayocho, adokotala anatiuza za chithandizo chomwe chilipo cha vuto lenilenili. Ndi ma antibody otengedwa m'madzi a m'magazi a anthu masauzande opereka magazi, oyeretsedwa, omwe amaperekedwa pa diripi. Amati IVIG. Amaganizira zopatsa munthu amene IgG yake ili pansi pa 4 ndipo akudwala matenda aakulu a mabakiteriya mobwerezabwereza. Mlingo wake umakhala pafupifupi magalamu 0.4 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu, ndiye kwa abambowa olemera makilogalamu 60 ndi magalamu 24, ndipo amabwereza pakatha milungu itatu kapena inayi iliyonse, chifukwa theka la IgG limatha m'thupi pa milungu itatu. Amachepetsa chibayo koma sachiza khansayo, ndipo ukasiya nambala imabwerera pansi. Mtengo wake ndi woti banja la mphunzitsi wopuma silingaukwanitse mwezi ndi mwezi. Tinakhala pansi ndi ana, tinawerengera, tinavomereza. Zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe ndikaganiza kuti mankhwala alipo koma si athu.

Mng'ono wa abambowa atamva kuti mankhwalawo amachokera m'magazi a anthu, anabwera kuchokera ku Jali ndi anyamata ake awiri. "Achimwene, tengani athu, ife ndife athanzi." Tinayenera kuwafotokozera kuti kuikidwa magazi kuja tonse timakudziwa kumathandiza munthu amene magazi ofiira achepa, koma sikubwezeretsa ma antibody. Anakaperekabe magazi tsiku limenelo kuti akathandize ena, poti anali atabwera kale ndi mtima umenewo.

Chomwe tinapatsidwa m'malo mwake ndi Bactrim wakumwa tsiku lililonse, kuti azitchinga ena mwa mabakiteriyawo asanakhazikike. Apanso manong'onong'o anadzuka, poti aliyense kuno amadziwa kuti Bactrim wa tsiku ndi tsiku amalandira ndi anthu a ma ARV. Abambowa poyamba ankabisa botolo m'thumba la jekete. Ndinawauza kuti, "Bambo, amene akumwa ma ARV ndi abale athu omwe, sanalakwe kanthu, inunso simunalakwe kanthu. Ikani patebulo kuti musamaiwale." Kuyambira pomwe anayamba kumwa, zifuwa zachepako ngakhale sizinatheretu. Koma chonde musakagule nokha ku famase chifukwa mwawerenga apa. Bactrim amawenga anthu ena mpaka khungu ndi m'kamwa kusupuka, amathanso kutsitsa magazi ndi kuvutitsa impso. Asankhe ndi dokotala amene akuona zotsatira zanu.

Nkhani ya katemera imasokoneza ambiri. Thupi lomwe silipanga bwino ma antibody silimvanso bwino katemera, ndiye chitetezo chomwe munthu wa CLL amapeza chimakhala chochepa poyerekeza ndi chathu. Chochepacho n'chofunikabe. Katemera wa COVID-19 atayamba kuperekedwa mu March 2021, pomwe pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anabayitsira konkuno ku Zomba, abambowa anakabayitsa n'kubwereza monga anatilangizira, koma masiki sanasiye kuvala. Kolera atabuka mu March 2022, kuyambira kwa anzathu a ku Machinga, tinafunsa za katemera wake wakumwa uja, ndipo anati alibe tizilombo tamoyo, angathe kumwa. Oletsedwa kwa iwo ndi akatemera a tizilombo tamoyo tofooketsedwa, monga wa chikuku ndi wa yellow fever amene amafunika popita ku mayiko ena.

Poliyo atapezeka ku Lilongwe mu February 2022, alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo kudonthezera ana katemera m'kamwa. Ameneyu ndi wamoyo, ndipo amatuluka m'chimbudzi cha mwana kwa milungu ingapo. Adzukulu athu onse analandira, sitinabise mwana ndi mmodzi yemwe, kungoti agogo awo sanakhudze matewera ndipo sopo anakhala pafupi ndi ndowa nthawi zonse. Ana obayidwa mokwanira amateteza agogo awo. Katemera wa chibayo anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi muno mu 2011, ndipo mabakiteriya a chibayo nthawi zambiri amafika kwa akuluakulu kuchokera m'mphuno za ana. Ndiye ine ndimayang'ana makadi a sikelo a adzukulu anga onse, ngakhale amayi awo amati ndikulowerera.

Chovuta kuposa mankhwala ndi maliro. Mwamuna wa msinkhu wawo, mkulu wa mpingo, akapanda kugona pamaliro anthu amati wayamba kunyada. Koma kuchezera panja usiku wonse m'nyengo yozizira, pakati pa anthu okhosomola, utsi wa nkhuni ukulowa m'chifuwa, kenako kusamba m'manja m'beseni limodzi, tinaona kuti sabata yotsatira inkakhala ya chifuwa. Tinapita kwa amfumu ndi kwa abusa kukafotokoza bwinobwino, ndipo onse anamvetsa. Tsopano amapita masana, amakhala chapambali pomwe mphepo ikudutsa, amapepesa anamfedwa n'kubwerera, ndipo ine ndi mwana wathu timagona m'malo mwawo. Ku tchalitchi mpando wawo ndi wapafupi ndi zenera. M'minibasi ya ku Limbe, masiki savula mpaka atatsika. Zinazo n'zazing'ono koma za tsiku ndi tsiku: madzi akumwa owiritsa kapena othira klorini, makamaka chiyambire pomwe madzi anasefukira ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, neti usiku uliwonse, mbaula osalowa nayo kuchipinda, bala la khasu kulitsuka ndi sopo nthawi yomweyo, dzino lobooka osalilekerera. Mdzukulu akadwala chikuku kapena chimfine chachikulu amakakhala kwa amake mpaka achire. Sitinawatsekere m'nyumba ayi. Amalima kadimba kawo, amapita kumsika m'mawa anthu asanachuluke, ndipo bawo amasewerabe pansi pa mtengo wa mango.

Ndinene mosapsatira za mankhwala okweza chitetezo omwe amagulitsidwa m'mabotolo, m'mabasi ndi pa WhatsApp. Anthu abwino, otifunira zabwino, anatibweretsera ambiri. Palibe ufa wa masamba, uchi kapena tiyi amene angachititse maselo a B odwala kuyamba kupanga ma antibody. Chakudya chabwino n'chofunika, usipa, nyemba, mazira, masamba, zipatso za kuphiri, chifukwa munthu wonenepa bwino amapirira chibayo kuposa woonda. Koma IgG ya abambowa inatsika akudya bwino chomwecho. Chimandipweteka n'choti ndalama ya botolo limodzi lotero ndi yomwe ikanathira mafuta a galimoto usiku wa chibayo, ndipo ogulitsawo amadziwa kuti banja la wodwala khansa limagula chilichonse.

Chakumapeto kwa 2023 magazi awo anayamba kuchepa ndipo zotupa zinakula, ndiye nthawi ya mankhwala inakwana. Asanayambe anawayezanso HIV ndi hepatitis B, chifukwa mankhwala ena a khansayi, makamaka rituximab, amadzutsa matenda a chiwindi amene anali atagona. Iwo anapatsidwa mapilisi a chlorambucil. Zotupa zinaphwa, maselo oyera anatsika, nkhope inabwerera. Ana anasangalala n'kumati tsopano chitetezo chabwerera. Sichinabwerere. IgG inangokhala pomwe inali, ndipo adokotala anati n'zimene zimachitika kawirikawiri, mankhwala amachepetsa maselo odwala koma nthawi zambiri sabwezeretsa ma antibody. Komanso pa miyezi yomwe munthu ali pa mankhwala, mtundu wina wa maselo oyera, ma neutrophil, umatha kutsika, ndiye chiopsezo chimakhala pawiri. Nthawi yomwe wodwala akuoneka kuti wachira ndi yomwe abale amatayirira, ndipo ndinayenera kuwakumbutsanso ana kuti lamulo la 38 silinasinthe.

Kumapeto kwa buku lawo la kuchipatala ndinamatako mapepala owonjezera. Ndimalembapo mwezi, chomwe anadwala, kutentha kunafika pati, mankhwala anali ati, mapilisi kapena jakisoni, anagonekedwa kapena ayi. Madokotala amasinthana, ndipo amene wakuonani lero mwina si amene adzakuoneni ulendo wina. Wodwala akafunsidwa amangoti "ndimadwaladwala", pomwe pepala lotere limaonetsa chaka chonse pakamphindi. Ndi mapepala amenewa omwe adokotala anayang'ana posankha kuti Bactrim apitirire. Pa tsamba loyamba pali dzina lonse la matenda, nambala yomaliza ya IgG, mankhwala omwe akumwa ndi foni ya aneba a galimoto aja, ndipo mwana wathu wamkazi anajambula masambawo n'kutumizira abale ake onse kuti akhale nawo ngati ine ndachokapo.

Ulendo ukubwerawu ku Gulupu ndakonza mafunso awiri. Loyamba, ngati katemera wa chibayo wa akuluakulu angapezeke kuti abayidwe, ngakhale polipira. Lachiwiri ndi la chifuwa cha makhololo chomwe chayamba kuwadzutsa m'mawa uliwonse, ngati chikufuna kujambulidwa, chifukwa chibayo chobwerezabwereza chimatha kuwononga timapaipi ta m'mapapo mpaka makhololo kumangokhaliramo.